"Was" kapena "were"? Aphunzitsi a Chingerezi tithandizeni

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa aphunzitsi a Chingerezi amene muli muno. Mwana wa mchemwali wanga ali Fomu 4, ndipo pa mayeso oyeserera anapatsidwa chiganizo ichi kuti aikepo mawu oyenera: "Neither the headteacher nor the prefects ___ at the assembly." Iye anaika "was", amuthetha. Funso lotsatira linali lakuti "Neither the prefects nor the headteacher ___ at the assembly." Apa anaika "were", amuthethanso. Anthu ake ndi omwewo, angosinthana malo basi. Zikutheka bwanji kuti yankho lisinthe? Mwanayu wafika ponena kuti aphunzitsi ake amamuda.

Jimmy wa ku Joni: Mayi, Chingerezi chinabwera pa sitima. Osamachifunsa mafunso ambiri 😂

aPhiri (wa Chingerezi): Mayi Nachisale, mwanayo asawaganizire zoipa aphunzitsi ake, amuthetha moyenera mafunso onse awiri. Mayina awiri akalumikizidwa ndi "or", "either ... or", "neither ... nor" kapenanso "not only ... but also", mneni sawerengera mayina onsewo. Amagwirizana ndi dzina lomwe wayandikana nalo. M'chiganizo choyamba, loyandikana ndi mneni ndi "the prefects", amenewo ndi ambiri, ndiye "were". M'chachiwiri loyandikana ndi "the headteacher", mmodzi, ndiye "was". Mwanayu sanalotere ayi. Mukaona bwino, konsekonse watsata dzina loyamba. Njira ali nayo, kungoti ndi ya mafunso ena.

Nachisale: Mafunso ena ake ati aphunzitsi? Fotokozani pang'onopang'ono, ine sukulu ndinasiya kalekale.

aPhiri (wa Chingerezi): A "as well as", "together with", "along with", "in addition to". Pamenepo ndiye mneni amatsata dzina loyamba. "The headteacher, together with the prefects, was at the assembly." Mawu ali pakati pa mipatuliro iwiriyo ndi ongowonjezera, sali mbali ya mwininkhani. Ana anga ndimawauza kuti aphimbe mawuwo ndi chala n'kuwerenga zotsalazo: "The headteacher was at the assembly." Chiganizo chikuima chokha bwinobwino. Koma yesani kuphimba "nor the prefects", chotsala ndi "Neither the headteacher", chomwe sichingaime.

Tsono "and" ndi "both ... and" alibe vuto, amaphatikiza. "Both the headteacher and the bursar were there."

Mayi a Tadala: Ndiye kuti pali njira zitatu pa nkhani imodzi? Ana athuwa akuvutika ndithu.

Sisi Gire ku Leeds: Aphunzitsi aPhiri, ndikupatsani ulemu wonse, koma ndilankhulepo. Ine ndimagwira ntchito ndi eni chiyankhulochi tsiku lililonse. Kuno ku Mangalande munthu kunena kuti "Neither the doctor nor the nurse are available" si zachilendo n'komwe, ndipo palibe amene amatembenuka. "Neither of them are here" ndiye ndimamva mwina kuposa "is". Nthawi zina ndimaona ngati kwathu timazunza ana ndi malamulo omwe eni ake sawalabadira.

aPhiri (wa Chingerezi): Achemwali, zoona zimenezo, koma pepala la mwanayu sakachongera ku Leeds. Akachonga ndi a MANEB. Pa mafunso osankha yankho pamakhala yankho limodzi lokha, ndipo pa "Neither the doctor nor the nurse" yankho lake ndi "is". Mwana akalemba zomwe amalankhula anthu m'basi ku Mangalande, malikisi apita.

Sisi Gire ku Leeds: Sindikuti alembe zimenezo pa mayeso. Ndikungoti tisamawauze ana kuti enawo ndi mbuli. Akadzafika kuno adzadabwa kumva dokotala wamkulu akulankhula zomwe iwo anakwapulidwa nazo.

Bambo Mbewe: Nkhani ya malikisi musaichepetse. Pa MSCE, ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale utakhoza masamu ndi sayansi ndi 1 yekhayekha. Ndipo kusiyana kwa 6 ndi 7, kirediti ndi pasi wamba, nthawi zina ndi timafunso ngati timeneti. Ine ndili mbali ya aPhiri. Mwana ayambe wawoloka, zamakono akazimvera kutsidyako.

Thoko wa ku Zomba: Ndilowererepo pang'ono makolo anga, poti ndi zomwe tikuphunzira kuno. Onse awiri mukunena zoona, kungoti mukukamba zinthu ziwiri zosiyana. Pali buku lalikulu la malamulo a Chingerezi lomwe analemba Quirk, Greenbaum, Leech ndi Svartvik, linatuluka mu 1985. Iwo sanangokhala pansi n'kulamula, anafufuza mmene anthu amalankhulira ndi kulembera. Akuti mgwirizano wa mwininkhani ndi mneni umakokedwa ndi zinthu zitatu: maonekedwe a dzinalo, tanthauzo lomwe wolankhula ali nalo m'mutu, ndi kuyandikana. Nthawi zambiri zitatuzi zimaloza kumodzi, ndiye sitizindikira n'komwe kuti zilipo. Vuto limabwera zikayamba kukokana.

Pa "neither ... nor" zimakokana kwambiri. Taganizani: "Neither the doctor nor the nurse" tanthauzo lake n'loti onse awiri palibe. Ndi "both ... and" yemweyo, kungoti wokana. Ndiye m'mutu mwa wolankhula muli anthu awiri, pakamwa n'kutuluka "are". N'chifukwa chake Sisi Gire akumva zimenezo kawirikawiri. Pa "either ... or" anthu sagwa kwambiri chifukwa m'mutu mumakhaladi mmodzi. Koma polemba kalata ya ntchito, lipoti kapena mayeso, zomwe anena aPhiri ndiye zovomerezeka, ku Mangalande komweko ngakhalenso ku America.

Jimmy wa ku Joni: Ana a ku Chanco mwayamba. Funso la mizere iwiri yankho lake mpaka mayina anayi a azungu.

Thoko wa ku Zomba: Ankolo Jimmy, mukanafuna lalifupi mukanapitiriza za sitima zija 😄

Agogo Chisale (opuma): Ana inu mwandikumbutsa kutali. Ine ndaphunzitsa Chingerezi nthawi imene ambiri a inu munali musanabadwe. Mtsikana wa ku Zombayo wanena bwino. Ndiwonjezere ichi: tengani Baibulo la Chingerezi lakale lija la King James, la 1611, mutsegule Mateyu 6 ndime 19. Palembedwa kuti "where moth and rust doth corrupt". Mayina awiri, pakati pali "and", koma mneni ndi "doth", amene lero tingati "does", wa chinthu chimodzi. Pa 1 Akorinto 13 ndime 13 pali "now abideth faith, hope, charity, these three". Zinthu zitatu, ndipo akuchita kuwerenga okha kuti n'zitatu, koma "abideth" ndi wa chimodzi. Mwana atalemba zotere pa mayeso aPhiri amuthetha ndi cholembera chofiira.

aPhiri (wa Chingerezi): Ndimuthetha ndithu agogo, mosaphethira 😂

Agogo Chisale (opuma): Ndipo mungachite bwino. Sindikuti ana azilemba ngati anthu a 1611. Ndikungofuna mudziwe kuti malamulo tikuphunzitsawa anakhwimitsidwa pambuyo pake. Mabuku amene anawafalitsa m'masukulu, monga la Robert Lowth la 1762 ndi la Lindley Murray la 1795, anabwera Baibulolo litakhala kale zaka zoposa zana. Koma pa Mateyu 6 paja, ndime yotsatira, ya 20, ikuti "neither moth nor rust doth corrupt". Imeneyo ndiye ingakhoze mayeso a MANEB ngakhale mawa.

Mayi a Tadala: Agogo, ndiye mwatipatsa ulaliki ndi galamala pamodzi. Mulungu akusungeni.

Madam Nyirenda: Ine ndimaphunzitsa Chichewa, ndiye mundilole ndiyang'ane nkhaniyi kuchokera kwathu kuno. Ndime yomwe atchula agogoyo, mu Buku Lopatulika ikuti "njenjete ndi dzimbiri ziononga". Mwaona "zi" ameneyo? Njenjete ili m'gulu lake la mayina, dzimbiri lili m'gulu lina, koma zikakumana timathawira kwa "zi". "Mpeni ndi khasu zasowa." "Mbuzi ndi nkhuku zalowa m'dimba." Akakhala anthu timathawira kwa "a": "Mphunzitsi ndi mwana abwera." Palibe mwana wa Chichewa amene anaphunzitsidwa zimenezi pa bolodi asanayambe kuzilankhula. Ndiye ana athuwa mgwirizano amaudziwa, ndipo wa kwathu ndi wovuta kuposa wa Chingerezi chifukwa magulu a mayina ndi ambiri. Pa mayina, Chingerezi chimangofunsa kuti chimodzi kapena zambiri, basi.

Thoko wa ku Zomba: Madam, zimenezo analembapo a Greville Corbett ndi a Al Mtenje mu 1987, za mgwirizano wa mayina m'Chichewa, kuphatikizapo mayina olumikizidwa. Chosangalatsa n'choti munthu akaphatikizidwa ndi chinthu, Chichewa chimachita manyazi. Yesani "Mnyamata ndi njinga ... m'ngalande." Muika "agwera" kapena "zagwera"?

Madam Nyirenda: Zonse ziwiri sizikukoma m'khutu. "Zagwera" ndiye wamusandutsa katundu mnyamatayo. Munthu wolankhula bwino amangoti "Mnyamata wagwera m'ngalande ndi njinga yake." Timachizemba chiganizocho.

aPhiri (wa Chingerezi): Madam, pamenepo mwandilankhulira. Kuzemba kumeneko n'kumene ndimafuna ana achite pa chimangirizo. Pa mafunso osankha ulibe pothawira, wapatsidwa chiganizo ndiye uyankhe. Koma pa chimangirizo chiganizo n'chako. "Neither the prefects nor the headteacher was there" n'cholondola, koma chimamveka mokakamiza chifukwa khutu lamva kale anthu ambiri. Sinthanitsa, dzina la ambiri libwere kumapeto: "Neither the headteacher nor the prefects were there." Lamulo lakhutira, khutu lakhutiranso. Wochonga wokhwima ndi Sisi Gire wa ku Leeds onse agwedeza mutu.

Sisi Gire ku Leeds: Apo pokha tagwirizana aphunzitsi.

Chiko F4: Pepani akuluakulu kulowerera, ndine wa Fomu 4 ndikugwiritsa ntchito foni ya amayi. Ine lamulo la kuyandikana ndimalidziwa koma ndimalakwabe. Mwachitsanzo "Either the boys or their sister cook/cooks supper." Ndimadziwa kuti ndiyang'ane "sister", mmodzi. Ndiye ndimasankha "cook" chifukwa ilibe s. Kenako akuti ndalakwa.

aPhiri (wa Chingerezi): Chiko, wachita bwino kufunsa, ndipo vuto lako ndi lomwe limagwetsa ana ambiri kuposa "neither ... nor" yemwe. Munaphunzira ku pulayimale kuti s ndi chizindikiro cha zambiri: boy, boys. Zoona, koma pa dzina pokha. Pa mneni ndi mosemphana. "The boy cooks." "The boys cook." Ganiza kuti s ndi khasu limodzi pakhomo: akalitenga dzina, mneni atsala chimanjamanja; dzina akalisiya, mneni ndiye alinyamula. Ndiye "their sister" alibe s, mneni atenge: "cooks".

Chiko F4: Aaa! Ndiye kuti ndakhala ndikupeza dzina lolondola koma n'kusankha mneni wolakwika. Zikomo kwambiri aphunzitsi.

Agogo Chisale (opuma): Khasu lanulo aPhiri n'labwino, koma mwanayo mumuchenjeze kuti silikhala pakhomo paliponse. "The children cook", palibe amene watenga s. "People say." "The police are coming." Ndipo kwina onse awiri amakhala nayo: "The news surprises me", "Mathematics frightens him." Komanso "I cook" ndi "you cook", mmodzi koma s palibe.

aPhiri (wa Chingerezi): Zoona agogo. Chiko, usamawerenge zilembo, uziwerenga anthu kapena zinthu. Njira yachidule: m'malo mwa dzina loyandikanalo ikamo "he", "she", "it" kapena "they", ndiye umve. "Their sister" ndi "she". She cooks. "The children" ndi "they". They cook. "The news" ndi "it".

Bambo Mbewe: Ndifunse nawo. Ku komiti ya tchalitchi kwathu tinakangana polemba maminitsi. "The secretary and treasurer was absent" kapena "were absent"? Ena amati "and" alipo ndiye "were" basi.

aPhiri (wa Chingerezi): Bambo Mbewe, ndiyambe ndakufunsani: mlembi ndi msungichuma kwanuko ndi anthu awiri kapena ndi munthu mmodzi wa maudindo awiri?

Bambo Mbewe: Ndi mayi mmodzi. Msungichuma anasamuka ndiye mlembi akugwirizira.

aPhiri (wa Chingerezi): Ndiye "was", ndipo mmene mwalembera ndi "the" mmodzi zili bwino. Akanakhala awiri mukanabwereza "the": "The secretary and the treasurer were absent." Ka "the" kachiwiriko ndiye kamauza wowerenga kuti pali mitu iwiri. Amayeso amalikonda funso limeneli.

Jimmy wa ku Joni: Mlembi yemweyo msungichuma yemweyo? Bambo Mbewe, vuto lanu si galamala, yang'anirani thumba la tchalitchi 🤣

Bambo Mbewe: Iwe Jimmy, mayi amenewo ndi okhulupirika kuposa iwe.

Mayi a Tadala: Ndiye kuti ngakhale "and" amene mumati alibe vuto uja ali ndi zake?

Thoko wa ku Zomba: Ali nazo mayi, ndipo ndi pomwe tanthauzo limagonjetsa maonekedwe. Zinthu ziwiri zikamaganiziridwa ngati chimodzi, mneni amakhala wa chimodzi. "Fish and chips is expensive", poti ndi mbale imodzi ya chakudya. "Rice and beans is my favourite meal." Koma ukakhala pa msika ukukamba mitengo, "Rice and beans are sold in that shop", poti tsopano ndi katundu wa mitundu iwiri. Mayina a mayiko chimodzimodzi: "Trinidad and Tobago is in the Caribbean", dziko limodzi ngakhale zilumba zake zikuluzikulu ndi ziwiri. "Bosnia and Herzegovina is in Europe."

Palinso "each" ndi "every". Amenewa akangotsogola, ngakhale pakhale "and", mneni ndi wa mmodzi: "Every boy and girl has a desk." Amawatenga mmodzimmodzi.

Madam Nyirenda: "Every boy and girl has a desk" galamala yake ndi yolondola koma nkhani yake ndi yabodza, bwerani mudzaone kalasi yanga 😅

Sisi Gire ku Leeds: Madam mwandiseketsa pa ntchito. Koma ndibwererenso kwa aPhiri ndi lina. Nanga alowam'malo? Ndinene kuti ine ndi mnzanga tonse sitili pa ntchito mawa. "Neither she nor I am working"? "is working"? "are working"? Ine zonse zitatu zikundinyansa.

aPhiri (wa Chingerezi): Pa mayeso ndi "am", chifukwa woyandikana ndi "I". "Either you or he is wrong." "Either he or you are wrong." "Neither she nor I am working." Lamulo ndi lomwe lija, kungoti pano silikuyang'ana kuchuluka kokha, likuyang'ananso kuti wolankhula ndani.

Sisi Gire ku Leeds: Ndikanena "Neither she nor I am working" kuno andiyang'ana ngati ndatuluka m'buku.

Agogo Chisale (opuma): Mwana wanga, ngakhale olemba mabukuwo amavomereza kuti chiganizo chimenecho n'cholemera pakamwa, ndipo ambiri amalangiza kuchikonza. "She is not working, and neither am I." Tanthauzo lomwelo, palibe wopunthwa. Kapena gwiritsa ntchito aneni amene sasintha: "Neither she nor I will work tomorrow." A "will", "can", "must", "should" sasamala kuti ndi mmodzi kapena gulu.

aPhiri (wa Chingerezi): Pomwepo agogo ndiwonjezere za Chiko ndi anzake. Zimangirizo zambiri za nkhani mumalemba m'nthawi yakale. M'nthawi yakale aneni a Chingerezi sasintha: "he came", "they came", "neither the driver nor the passengers survived". Amene amasintha ndi "was" ndi "were" okha. Ndiye ukamaliza kulemba, mphindi zotsalazo usathere kuwerenga mawu kuti akwana angati. Saka "was" ndi "were" aliyense, ufunse kuti mwini wake ndani. M'nthawi yatsopano saka "is", "are", "has", "have", "does", "do" ndi ka s kaja.

Chiko F4: Ndalemba zimenezo. Funso lina aphunzitsi: nanga chiganizo chikakhala funso? Mneni amakhala kutsogolo ndiye woyandikana naye amakhala dzina loyamba.

aPhiri (wa Chingerezi): Wayankha wekha mwanawe. Lamulo silinati dzina lachiwiri, linati loyandikana. "Has either the driver or the passengers complained?" Ukasinthanitsa, "Have either the passengers or the driver complained?" Amene analoweza kuti "tsata dzina lomaliza" apa amagwa. N'chifukwa chake sindikonda kuti ana aziloweza malo, azimvetsa chifukwa.

Bambo Mbewe: Mwana ameneyu akhoza. Mayi ake muli muno mumugulire bandulo.

Thoko wa ku Zomba: Poti tafika pa mneni wotsogola, aphunzitsi aPhiri mumati chiyani pa "There is a pen and two books on the desk"? Kwa ine ndi kuyandikana komweko, ndipo anthu ophunzira bwino amalankhula choncho.

aPhiri (wa Chingerezi): Apo Thoko ndiye sindivomera msanga. Pali "and", zinthu zilipo zitatu, ndiye mwa lamulo ndi "There are". Kuyandikana tinakupereka kwa "or" ndi "nor", osati kwa "and".

Thoko wa ku Zomba: Koma tamvani nokha: "There are a pen and two books." "Are a pen"? Lilime likukana.

aPhiri (wa Chingerezi): Lilime likane, cholembera chilembe.

Agogo Chisale (opuma): Pa ichi ndili ndi mtsikanayu, aPhiri. "There is" kutsogolo kwa mndandanda woyamba ndi chinthu chimodzi n'kwakale ndipo olemba abwino akugwiritsa ntchito. Pemphero la Ambuye lomwe m'Chingerezi limati "thine is the kingdom, and the power, and the glory", zitatu koma "is". Wokonza mayeso wanzeru safunsa funso lomwe akatswiri amagawanikana.

aPhiri (wa Chingerezi): Wanzeru safunsa, koma si onse okonza mayeso a m'masukulu amene amaganiza zimenezo, ena amangokopera m'timabuku ta mafunso akale. Ine mwana wanga akakumana nalo ndimuuza asankhe "are". Pa chimangirizo alembe "There are two books and a pen", nkhani yatha.

Thoko wa ku Zomba: Kuzemba kwachitatu lero 😄

Madam Nyirenda: Kuzemba si mantha Thoko, n'kudziwa chiyankhulo. Koma ine chomwe ndimaona m'makope a ana, poti nthawi zina ndimathandiza kuchonga a Fomu 1, ndi ulemu wa kwathu kulowa m'Chingerezi. Mwana wakula akunena "abambo abwera", "aphunzitsi akudwala", munthu mmodzi koma mneni wa ambiri. Ndiye amalemba "My father have come", ena mpaka "The headteacher they are sick." Si umbuli, mwanayo akuopa kuwatchula ahedi ngati mnzake wosewera naye. Ukaphatikiza ndi "neither ... nor", dzina loyandikana likakhala la munthu wamkulu, dzanja limathamangira "were".

aPhiri (wa Chingerezi): Zimenezo n'zoona Madam, ndipo zimatenga nthawi kuti zichoke. Ndimawauza kuti m'Chingerezi ngakhale mfumu ndi "he is". Amaseka, ena amaona ngati ndatukwana.

Jimmy wa ku Joni: Nanga za mpira? Pa wailesi ndimamva "Manchester United are playing tonight", timu imodzi koma "are". Azungu omwewo. AFhiri muwathethe.

Jimmy wa ku Joni: *aPhiri, foni yandipereka

Thoko wa ku Zomba: Imeneyo ndi nkhani ina ankolo, ya mayina a gulu monga team, committee, family, government. A ku Britain amalola zonse ziwiri: "is" akamaona gululo ngati chinthu chimodzi, "are" akamaganiza za anthu ake. A ku America amakonda "is" pafupifupi nthawi zonse. Ife timatsata kwambiri cha ku Britain, ndiye "The committee has decided" komanso "The committee are divided" zonse n'zololedwa. Chachikulu osasakaniza m'chiganizo chimodzi, monga "The team is wearing their new jerseys", ngakhale anthu amatero.

aPhiri (wa Chingerezi): Tisapite kutali, mayina a gulu tidzawatsegulira tsiku lawo. Ndimalize ndi ziwiri zomwe zimafanana ndi za lero koma zili ndi msampha. Choyamba "not only ... but also", kuyandikana: "Not only the players but also the coach was angry." Ana amaona kuti onse anakwiya ndiye amathamangira "were", koma pa mayeso tsata woyandikana. Chachiwiri ndi pomwe wina akukanidwa, wina akuvomerezedwa: "The coach, not the players, is to blame." Apa woyandikana ndi "players" koma mneni akutsata "coach", chifukwa ndiye amene chiganizo chikumunena. Osewerawo tawachotsamo kale ndi "not".

Chiko F4: Ndiye pamenepo ndiphimbenso ndi chala ngati pa "together with"?

aPhiri (wa Chingerezi): Eya, phimba. Mipatuliro iwiri ija ikukuuza kale. Koma samala, nthawi zina okonza mafunso amachotsa mipatuliro dala: "The minister as well as his advisers is expected today." Yankho silisintha, ndi "is" basi.

Sisi Gire ku Leeds: Chimenecho ndiye kuno theka la anthu linganene "are".

aPhiri (wa Chingerezi): Achemwali mwayambanso 😂

Admin: Makolo ndi aphunzitsi, zikomo, mauthenga achuluka ndipo ena akudandaula bandulo. APhiri, anthu angapo andilembera kumbali kupempha mafunso oyeserera. Mungakonze khumi okha?

aPhiri (wa Chingerezi): Ndikonza makumi awiri, ndiponya Loweruka madzulo ndikachoka kochonga. Mayankho ndidzapereka Lolemba, ndipo makolo musawayankhire ana. Thoko, la "There is" sindiikamo, tingadzayambanenso. Agogo, ndikutumizirani kaye inu kumbali muwaone ndisanaponye.

Agogo Chisale (opuma): Tumizani, koma zilembo zikhale zikuluzikulu. Muikemonso limodzi la "one of the boys who", ndione ngati aphunzitsi a masiku ano mumagwirizana pa limenelo.

Thoko wa ku Zomba: Agogo, limenelo ndiye tidzagona pano.